Ngongole Yathu kwa Nanzikambe

Munthu akaimbidwa mlandu woti wazunza chiŵeto chake kapena mwana amene amamulera, kaŵirikaŵiri amadziteteza ndi mawu akuti, "Koma ine ndimamukonda." Mawu ameneŵa ndi okoma m'khutu, ndipo ambiri a ife tikawamva timafeŵa mtima n'kuusiya mlanduwo. Timaganiza kuti pamene pali chikondi sipangakhalenso nkhanza. Inenso ndinkaganiza chomwecho mpaka pamene kanyama kena, kamene anthu ambiri amakaopa ndi kunyansidwa nako, kadandiphunzitsa zina. M'nkhani ino ndifuna kuti tilingalire pamodzi funso ili: kodi munthu akachotsa cholengedwa chamoyo kumene chimakhala n'kuchisunga m'manja mwake, amakhala ndi ngongole yotani kwa icho? Nanga kodi chikondi chokha chingathe kubweza ngongole imeneyo?

Kanyamako ndi nanzikambe, amene ena amamutcha birimankhwe, nadzikambe kapena tonkhwetonkhwe. Kwathu kuno mbiri yake si yabwino. Makolo athu ankasimba kuti Chauta adamutuma kwa anthu ndi uthenga woti akafa adzaukanso, koma chifukwa cha kuzengereza kwake panjira, buluzi adamupitirira nakafika msanga ndi uthenga woti wakufa wapitiratu. Chifukwa cha nthano imeneyi, anyamata a m'nthaŵi yathu tinkamugenda, ndipo ena ankamuthira fodya wa mphuno m'kamwa kuti afe akuphiriphitha. Ambiri amakhulupirira kuti ali ndi ululu, chonsecho alibe ululu uliwonse. Kumaiko a ku Ulaya ndi ku America zinthu n'zosiyana. Kumeneko nanzikambe amagulitsidwa m'masitolo, ndipo anthu amamuŵeta m'nyumba monga momwe ena amaŵetera mphaka kapena mbalame. Poyamba munthu angaganize kuti nanzikambe wa kumeneko ndiye wamwaŵi. Musanagamule chotero, mumve zimene zidandichitikira.

M'chaka changa chachitatu cha uphunzitsi ndidali pasukulu ina ya pulayimale paboma lina. Kukoleji adatiphunzitsa kuti mwana amamvetsa bwino chimene wachiona ndi kuchigwira kuposa chimene wangochimva. Choncho pakona ina ya kalasi langa ndidaika tebulo la zachilengedwe, pamene padali zisa za mbalame, nthanga zamitundumitundu, miyala ndi chigoba cha fulu. Tsiku lina m'dzinja mnyamata wina adabwera ndi kamwana ka nanzikambe pandodo, kotalika ngati chala changa chamkombaphala, anzake akumutsatira ndi miyala m'manja. Ndidawaletsa anyamatawo. Mumtima ndidakondwa kuti ndapeza mwaŵi wopulumutsa kanyamako komanso wochotsa mantha mwa ana. M'chipinda chosungiramo katundu mudali bokosi lagalasi limene aphunzitsi akale ankasungiramo nsomba. Tidalitsuka, tidathiramo mchenga, tidaimikamo nthambi youma, tidaikamo madzi m'chivindikiro cha botolo, ndipo pamwamba tidatsekapo ndi waya wa sefa. Bokosilo tidaliika pafupi ndi zenera kuti mlendo wathuyo aziothera dzuŵa la m'maŵa.

Vuto loyamba lidali la madzi. Padapita masiku atatu osamuona akumwa. Maso ake, amene adali otundumuka, adayamba kuloŵa, ndipo khungu lidachita makwinya. Tidamusendezera chivindikiro chija mpaka pamphuno, koma iye adangochiponda n'kudutsa. Chidamupulumutsa ndi mtsikana wina amene adabweretsa nthambi yaiŵisi itanyowa ndi mvula. Nanzikambe uja adakwera panthambipo nayamba kunyambita madontho pamasamba kwa nthaŵi yaitali. Apo m'pamene tidazindikira kuti iye samwa madzi okhazikika m'mbale. Madzi ake ndi mame ndi madontho a mvula oyenderera patsamba. Akadatha kufa ndi ludzu madzi ali pamapazi pake. Kuyambira tsiku limenelo mtsikana uja ankawaza madzi pamasamba m'maŵa ndi poŵeruka.

Vuto lachiŵiri lidali la chakudya. Ana adabweretsa ntchentche zakufa, nyenyeswa za nsima, ngakhale kachidutswa ka nthochi, koma iye sadayang'aneko n'komwe. Nanzikambe ndi mlenje, ndipo amadya chimene chikuyenda. Maso ake amazungulira lililonse palokha, lina kuyang'ana kutsogolo lina kumbuyo, koma akaona kachilombo onse aŵiri amalunjika pamodzi kuti ayese mtunda. Kenaka amaponya lilime lake, limene limatha kutalika kaŵiri kuposa thupi lake, ndipo munthu asanaphethire kachilomboko kamakhala kali m'kamwa. Tsiku limene adagwira chiwala chamoyo kalasi lonse lidaomba m'manja. Mvula itatha ziwala zidasoŵa, ndipo tidayamba kumupatsa mphemvu zokhazokha za m'chipinda cha katundu chija, popeza ndizo zinkapezeka mosavuta. Nthaŵi yopuma ana ankamutulutsa n'kumamuika pachitenje, pabolodi kapena papepala kuti aone m'mene asinthire mtundu. Iye ankada bii, ankadzitukumula, ankayasamula kukamwa n'kumatulutsa mpweya ngati njoka. Ife tinkayesa kuti akutisangalatsa.

Patatha miyezi inayi tidaona kuti lilime lija layamba kuphonya, kenaka silinkafikanso patali. Miyendo idapindika ngati uta, nsagwada zidafeŵa mwakuti kukamwa sikunkatsekeka bwino, ndipo akati akwere nthambi ankanjenjemera n'kugwa. Ndidayesa kumutsekula kukamwa ndi kamtengo ka machesi kuti ndimudyetse, koma sizidathandize. Potsiriza ndidati ndimubwezere kwawo. Ndidamutengera kumtengo wa mango kuseri kwa kalasi n'kumuika panthambi, koma zala zake zidalephera kugwira, ndipo adagwera m'manja mwanga. Patapita masiku aŵiri tidamupeza atafa pamchenga. Mtsikana wowaza madzi uja adandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ife timati tamupulumutsa kwa anyamata aja. Nanga wamupha ndani?" Ndidamuuza kuti abwerere pamalo pake chifukwa nthaŵi ya masamu idali itakwana. Zoona zake n'zakuti ndidalibe choyankha.

Yankho ndidalipeza patapita zaka zambiri. Nanzikambe uja adafa ndi matenda a mafupa amene ali m'gulu la matenda ofala kwambiri pakati pa ananzikambe oŵetedwa. Kuti mafupa akule ndi kulimba, thupi limafuna mchere wotchedwa kashiyamu. Kuti kashiyamuyo aloŵe m'magazi kuchokera m'matumbo, pamafunika vitamini D, amene khungu limapanga likaombedwa ndi cheza china cha dzuŵa chosaoneka ndi maso, chotchedwa UVB. Galasi limalola kuŵala ndi kutentha kudutsa, koma cheza chimenechi limachitchinga. Dzuŵa limene ndinkayesa kuti ndikumupatsa lidali lamaso chabe. Komanso tizilombo tambiri tili ndi kashiyamu wochepa. Kutchire nanzikambe amadya tizilombo tamitundumitundu timene nato tadya masamba osiyanasiyana, pamene ife tinkamupatsa mtundu umodzi wokha. Magazi akasoŵa kashiyamu, thupi limakamutenga m'mafupa, ndipo mafupawo amafeŵa monga zimachitikira ana a anthu amene miyendo yawo imapindika chifukwa chosoŵa vitamini yemweyu.

Ndidaphunziranso za kusintha mtundu kuja. M'chaka cha 2015 akatswiri a payunivesite ya Geneva ku Switzerland adapeza kuti m'khungu la nanzikambe wina wa ku Madagascar muli timiyala ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene tikayandikana kapena kutalikirana, mtundu wa khungulo umasintha. Nanzikambe sasinthira mtundu kutsanzira nsalu imene wapondapo. Amasintha chifukwa cha kutentha kapena kuzizira, pofuna mkazi, poopseza mnzake, ndiponso akachita mantha. Kuda kuja kumene tinkaombera m'manja kudali kulira kwake. Iye ndi nyama yokhala yokha, ndipo dzanja lotsika kuchokera kumwamba amaliona ngati mphamba wodzamugwira. Tsiku lililonse la sukulu, kwa miyezi inayi, ankaona ngati imfa yamufikira.

Tsopano tibwerere ku funso lathu. Nanzikambe ali kutchire, dzuŵa limamuomba, mame amamugwera, mphepo imamupita, tizilombo timamudzera, ndipo masamba amamubisa. Zonsezi amazilandira popanda wina womukongoza. Koma tsiku limene ndidatseka bokosi lija, ndidamulanda zonsezi nthaŵi imodzi. Kuyambira pamenepo dzuŵa lake ndidali ine, mvula yake ndidali ine, ndipo nkhalango yake ndidali ine. Sakadatha kupita kwina kukafuna chimene ndidamumana. Imeneyi ndiyo ngongole ya woŵeta: kubwezera cholengedwa zonse zimene chikadalandira kumene tachichotsa. Ngongole imeneyi sibwera chifukwa cha lamulo la boma kapena pangano lolembedwa. Imabwera chifukwa cha mphamvu zimene tadzipatsa tokha pa moyo wa china. Mphamvu zikamakula, ngongole nayo imakula, ndipo palibe mphamvu zoposa za munthu amene wasunga chivindikiro.

Nanga chikondi chili pati? Sindikana kuti ndinkamukonda nanzikambe uja, ndipo ana ankamukonda koposa. Koma mawu oti chikondi timawagwiritsa ntchito pa zinthu ziŵiri zosiyana. Pali chikondi chofuna kukhala nacho chinthu, kuchiona, kuchigwira ndi kuchionetsa kwa anzathu. Palinso chikondi chofunira chinthucho zabwino monga mwa chilengedwe chake. Choyambacho chimayang'ana mtima wa wokonda, pamene chachiŵiricho chimayang'ana zosoŵa za wokondedwa. Ine ndidamupatsa madzi monga momwe ndimamwera ine, ana adamupatsa nsima monga momwe amadyera iwo, ndipo tonse tidamupatsa macheza chifukwa ife sitikonda kukhala tokha. Tidayeza zosoŵa zake ndi matupi athu. Chikondi chachiŵiricho sichingatheke popanda kudziŵa, chifukwa sungafunire zabwino chinthu chimene sudziŵa ubwino wake. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Choŵaŵa pankhani yanga n'chakuti wosafunsa ndidali ine, koma wodya phulayo adali wina.

Wina anganditonthoze kuti kusadziŵa si tchimo. Ndivomera kuti kusadziŵa kwa tsiku loyamba si tchimo. Koma nanzikambe uja adandichenjeza kaŵiri, pa madzi ndi pa chakudya, kuti moyo wake sindinkaudziŵa. Munthu wodzichepetsa akadadzifunsa kuti, "Ngati ndaphonya ziŵirizi, kwatsala zingati zimene sindikuziona?" Ndikadamubwezera kutchire sabata yomweyo akali ndi mphamvu. Sindidatero chifukwa tebulo langa linkatamandidwa, ndipo alendo obwera pasukulupo ankayamba aima pabokosi lija. Kusadziŵa kumene munthu amakusunga chifukwa kukumupindulira kumasanduka mlandu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine sindidadekhe kuti ndione chimene kanyamako kankandionetsa tsiku ndi tsiku.

Kukula kwa ngongoleyi kumaoneka bwino tikayang'ana zimene oŵeta odziŵa ntchito yawo amachita kumaiko kuja. Mtundu umene umaŵetedwa kwambiri ndi wochokera ku Yemen ndi ku Saudi Arabia, wokhala ndi chisoti chachitali pamutu. Woŵeta amayenera kumumangira chikwere chachitali cha waya wa sefa kuti mphepo izidutsa, chodzala ndi zomera zamoyo zobisalamo. Amaika nyali yotenthetsa mbali imodzi kuti nyamayo izisankha pofunda kapena pozizira, ndi nyali ina yotulutsa cheza chija. Nyali yachiŵiriyi imafuna kusinthidwa pakatha miyezi 6 mpaka 12, chifukwa imatha mphamvu ngakhale ikuŵalabe. Masamba amawazidwa madzi tsiku lililonse. Tizilombo timayamba tadyetsedwa ndiwo zamasamba, kenaka n'kuwazidwa ufa wa kashiyamu. Wamkazi amaikira mazira ambirimbiri ngakhale asanakumane ndi wamwamuna, ndipo akapanda kupeza dothi lokumbamo, mazirawo amakakamira m'mimba mpaka kumupha. Kumudyetsa kwambiri nakonso n'koopsa, chifukwa kumachulukitsa mazira amene amamutha kashiyamu. Wamwamuna wosamalidwa bwino amakhala zaka 6 mpaka 8. Mwana amene walirira nanzikambe ali m'Fomu 1 ayenera kudziŵa kuti adzatsiriza sukulu ya sekondale ntchitoyi ikadalipo. Ambiri amagula chifukwa cha kukongola kwa tsiku limodzi, koma chikondi chawo chimakhala cha nkhwangwa, chokoma pokwera.

Malonda ameneŵa amatikhudza nafenso. Kalilombe, nanzikambe wamkulu kuposa onse a kumtunda kwa Africa, amene amatalika mpaka masentimita 60, amapezeka m'Malaŵi, kumpoto kwa Mozambique ndi ku Tanzania. Akalilombe ambiri ogwidwa kutchire akhala akutumizidwa kunja, ndipo amalonda a kumeneko adawapatsa dzina loti nanzikambe wa masiku 90, chifukwa ochuluka ankafa miyezi itatu isanathe. Ankafika ali ndi ludzu, njoka za m'mimba ndi mantha a paulendo. M'chaka cha 1973 maiko adasainirana pangano ku Washington lotchedwa CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, ndipo ananzikambe ali m'gulu la nyama zofuna chilolezo podutsa malire. Pangano limeneli n'lothandiza, koma limathera pachipata cha dziko. Silingaloŵe m'chipinda cha munthu kukaona ngati nyali yatha mphamvu kapena ngati masamba awazidwa. M'chipindamo mumatsala chikumbumtima chokha.

Ena anganene kuti, "Nanga si ife timaŵeta mbuzi, nkhuku ndi agalu? Zikusiyana pati?" Ngongole ndi yomweyo, ndipo amene amanika mbuzi padzuŵa tsiku lonse popanda madzi ali ndi mlandu wofanana ndi wanga. Kusiyana kuli pa kuthekera kobweza. Mbuzi yakhala ndi anthu zaka pafupifupi 10,000, ndipo galu wakhala nawo kuposa pamenepo. Pa zaka zonsezi ziŵetozi zidazoloŵera mudzi, ndipo anthu adaphunzira zosoŵa zake n'kumasiyirana nzeruzo. Mwana aliyense wa kumudzi amadziŵa nkhuku yodwala chitopa, ndipo galu akamva njala amalira pakhomo mpaka wina amuponyere mkute. Nanzikambe sadziŵa mudzi ndipo salira. Amabisa matenda ake monga zimachitira nyama zambiri zakutchire, chifukwa kumeneko woonetsa kufooka ndiye amayamba kudyedwa. Pofika nthaŵi yoti diso la munthu wamba lione kuti akudwala, nthendayo imakhala itapita patali.

Ena anganene kuti kutchire nako si kwa mtendere. Mbalame ndi njoka za m'mitengo zimadya ananzikambe, moto wolusa umawatentha, ndipo magalimoto amawaponda pamsewu. Wosamalidwa bwino m'nyumba angathe kukhala nthaŵi yaitali kuposa mnzake wa kutchire. Mfundo imeneyi ndi yoona, ndipo n'chifukwa chake sindikunena kuti aliyense woŵeta nanzikambe ndi wolakwa. Alipo anthu amene amaphunzira, amawononga ndalama ndi nthaŵi, amagula oswedwa m'manja mwa anthu m'malo mwa ogwidwa kutchire, ndipo zambiri zimene tikudziŵa lero za matenda a nyamazi zidachokera kwa iwo ndi kwa madokotala a ziŵeto. Koma kukhalapo kwa njoka kutchire sikundichotsera ine mlandu. Njoka imadya chifukwa cha njala ndipo ilibe kusankha. Ine ndidasankha, ndipo ndikadatha kusankha zina.

Enanso anganene kuti n'kutaya nthaŵi kudandaula za kanyama kotere pamene anthu akugona ndi njala. Munthu ndi woposa nanzikambe, ndipo ndikadauzidwa kuti ndisankhe pakati pa mwana wodwala ndi nanzikambe wodwala, sindikadazengereza. Koma m'chaka cha 1789 katswiri wina wa nzeru zakuya wa ku England, Jeremy Bentham, adaphunzitsa kuti chimene chimatipatsa udindo pa nyama ndi kumva kuŵaŵa kwake, ngakhale nyamayo ilibe nzeru kapena chilankhulo chonga chathu. Kuwonjezera apo, mtima wa munthu ndi umodzi. Chizoloŵezi chosamala popanda kufunsa, chimene chidapha nanzikambe uja, ndi chomwecho chimene chimavulaza anthu m'manja mwa abale awo owakonda.

Taganizirani mwana amene wachita bwino m'tauni n'kukatenga agogo ake kumudzi kuti akapume. Amawapatsa chipinda cha simenti, mpunga ndi nyama, wailesi yakanema, ndipo amawaletsa kugwira ntchito iliyonse. Patapita miyezi ingapo agogowo amayamba kuwonda ndi kukhala duu pakhonde. Chawasoŵa ndi kadimba kawo, anzawo ocheza nawo pamtondo, ndi kumva kuti akadali ofunika kwa wina. Taganiziraninso mwana wamasiye amene amalume ake amutenga, amamudyetsa ndi kumuveka, koma sanamufunsepo chimene chimamuliza usiku. Kapena kholo limene limakakamiza mwana wa luso la manja kuti akhale dokotala chifukwa cholakalaka dzina. Onseŵa amanena zoona akamati, "Ndimamukonda." Nawonso ayeza zosoŵa za wina ndi matupi awo. Mwaŵi wawo ndi wakuti munthu, mosiyana ndi nanzikambe, angathe kufunsidwa n'kuyankha. Inu ophunzira, posachedwa mudzakhala ndi anthu m'manja mwanu: ana, makolo okalamba, odwala, ngakhale ophunzira anu. Mudzayambe mwafunsa.

Nanga achite chiyani munthu amene ali kale ndi nanzikambe wodwala m'nyumba? Ngati ndi wa m'dera lomwelo, wogwidwa chatsopano ndipo akali ndi mphamvu, amubwezere pamene adamutenga. Koma wochokera kudziko lina satayidwa kutchire. M'chaka cha 1972 wamalonda wina pachilumba cha Oahu ku Hawaii adalandira ananzikambe a nyanga zitatu ochokera ku Kenya ali ofooka ndi ulendo, ndipo adawamasula kuseri kwa nyumba yake kuti apezeko mphamvu. Adaswana n'kufalikira, ndipo adayamba kudya tizilombo ndi nkhono za m'mitengo zimene sizipezeka kwina kulikonse padziko. Chifundo cha munthu mmodzi chidasanduka tsoka la zolengedwa zina. Choncho amene ali ndi wodwala ayenera kumutengera kwa dokotala wa ziŵeto, kukonza kuŵala ndi chakudya, ndi kuleka kumugwiragwira. Mafupa opindika sawongoka, koma nthendayo ikagwidwa msanga imaleka kupitirira. Akaona kuti sangakwanitse, amupereke kwa wodziŵa, ngakhale kutero kumuchititse manyazi. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima.

Pali chinthu chinanso chimene nanzikambe amatiphunzitsa kuposa chiŵeto china chilichonse. Galu ukamudyetsa amagwedeza mchira, mphaka amadzikhula pamwendo, mbuzi imapereka mkaka. Nanzikambe sabweza kanthu. Chizindikiro choti akukhala bwino n'chakuti wakhala phee panthambi, wobiriŵira, osasamala n'komwe kuti ulipo. Womusamala bwino ndi amene wavomera kugwira ntchito tsiku ndi tsiku popanda kuyamikidwa. Ndipo nthaŵi zambiri kumukonda kwenikweni ndiko kumusiya pamene ali n'kuteteza malo akewo. M'nkhalango za m'phiri la Mulanje muli mtundu wa nanzikambe wosapezeka kwina, umene m'chaka cha 2006 akatswiri adaupatsa dzina la sayansi loti Nadzikambia, lochokera ku mawu athu omwe. Kumapiri otchedwa Malawi Hills m'boma la Nsanje kuli kananzikambe kosakwana masentimita 6, kamene kadalembedwa koyamba m'chaka cha 1992. Pakati pa 1984 ndi 2019 pafupifupi magawo 80 pa 100 a nkhalango yake adadulidwa, ndipo ofufuza amene adapitako m'chaka cha 2016 adakapeza kakukhala m'tizigawo tochepa timene tidatsala. Amene angaleke kudula mtengo kumeneko wachitira ananzikambe zazikulu kuposa ine ndi bokosi langa.

Pomaliza, ndibwerere kwa anyamata a miyala aja. Ndidawadzudzula tsiku lija ndipo ndikadawadzudzulabe lero, chifukwa kuzunza chinthu chosalakwa ndi nkhanza. Koma ndikaganizira bwino, cholakwa chawo ndi changa zidali pachibale. Iwo poona nanzikambe ankaona mthenga wa m'nthano amene adachedwa ndi uthenga wa moyo. Ine ndinkaona chida chophunzitsira ndi chokongoletsa tebulo langa. Palibe mwa ife amene adaona kanyama kenikeniko, kaludzu lake, kamantha ake, kofuna dzuŵa losadutsa m'galasi. Chikondi n'chofunika, pakuti popanda icho palibe amene angadzuke m'mamaŵa kukawaza madzi pamasamba, koma pachokha n'chosakwanira. Chiyenera kuyenda ndi kufunsa, kudekha, ndi kulimba mtima kovomera kuti pali zina zimene sitingathe kuzisunga. Mtsikana uja tsopano ndi mayi wamkulu, ndipo mwina adaiŵala funso lake. Ndikadzakumana naye ndidzamuyankha kuti amene adamupha nanzikambe uja ndi mphunzitsi wake, amene ankamukonda koma sadafunse.